Nyali, Tambala Wakuda ndi Mzere Wofiira

(Awa ndi mawu amene adalankhula mlembi wa Fomu 4 ya 1993 pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza monga momwe adawalankhulira kuti nawonso amene sadathe kufika amve.)

 

Kalata ya komiti itandipeza yondipempha kuti ndidzanenepo mawu pa za mwambo wotsazikana umene tinkachita pasukulu pano, ndidayamba ndakana. Ndidati alipo anzathu odziwa kulankhula, ena ndi abusa, ena adayesapo ndale, bwanji osatuma iwowo? Koma adandiyankha kuti buku la kalasi yathu lili ndi ine, tsono palibe kothawira. Ndiye ndabwera, ndipo bukulo ndi ili ndaliika patebuloli. Ndilankhula za chaka chimodzi chokha, chaka cha 1993, poti ndicho ndikuchidziwa bwino. Kumapeto ndili ndi pempho, choncho a pampando, ngakhale ndipitirire nthawi, chonde musandidule ndisanafikepo.

Ana athu kumbuyoko, mukamaona midadada yamalatayi mwina mumaganiza kuti pano padali chonchi chikhalire. Iyayi. Nthawi yathu sukulu ino sinkatchedwa CDSS. Idali senta ya MCDE, ndiye kuti sukulu yophunzitsa anthu ali kutali, imene idayamba m'chaka cha 1965 ndi dzina loti Malawi Correspondence College, nisintha dzina mu 1987 kukhala Malawi College of Distance Education. Masenta onga athu ano adasanduka ma CDSS boma litalamula motero mu 1998, ife titachoka kale. Amene tinkabwera kuno tidali aja amene mayina athu sadatuluke pa chisankho cha Fomu 1, ena titabwereza Sitandade 8 kawiri, ena katatu. N'chifukwa chake m'kalasi mwathu mudali anthu ometa ndevu ndi lezala Lolemba lililonse. Ine ndemwe ndidalemba mayeso a Fomu 4 ndili ndi zaka 22, ndipo sindidali wamkulu koposa.

Maphunziro ankabwera m'timabuku timene tinkati maseti, tochokera ku Blantyre. Aphunzitsi tidali nawo atatu, onse ophunzira za upulaimale, ndipo lero ndikamaganiza ndimaona kuti anthu amenewa ankayamba awerenga okha usiku zimene adzatiphunzitse m'mawa. Awiri mwa iwo adatisiya. Wachitatu ndi awa akhala apawa, ndipo ndiwatchulanso posachedwa, asaganize kuti apulumuka. Belu lidali limu ya galimoto yopachika mumtengo. Ochokera kutali tinkadziphikira m'magowelo obwereka m'mudzimu, anyamata anayi kapena asanu m'kanyumba kamodzi, aliyense ndi thumba lake la ufa ndi nyemba zofumbwa. Chaka cha chilala cha 1992 tidadya nsima ya chimanga chachikasu, ndipo masiku ena tidagonera kachewere wophika wopanda ndi mchere womwe.

Tidayamba Fomu 1 mu Okutobala 1989 tili anthu 58, pakuti masiku amenewo chaka cha sukulu chinkayamba mwezi umenewo. Fizi idachotsa ena, mayeso a JCE a 1991 adasefa ambiri, maukwati adatenga ena. Polowa Fomu 4 tidatsala 23, anyamata 17 ndi atsikana 6. Kalasi yochepa chonchi ilibe chinsinsi. Tinkadziwa amene amaliza mkonono, amene ali ndi malaya amodzi, amene kwawo kwagwa maliro. Mmodzi mwa ife adali mnyamata wa ku Angonia, tsidya lija la msewu, amene adathawa nkhondo ya ku Mozambique ndi amayi ake. Mukudziwa kuti kuno ku Ntcheu malo ena malire ndi msewu wa tala womwewu, ndipo zaka zimenezo othawa nkhondo m'dziko muno adaposa 1 miliyoni. Pamene adasainirana za mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mnzathuyu adamva pa wayilesi ya mnyumba yoyandikana nafe, nabwera m'gowelo osalankhula kanthu, n'kuyamba kuchapa malaya ake usiku ngati ulendo ndi wa mawa. Tidachita kumunyengerera kuti ayambe walemba mayeso.

Tsono za kutsazikana. Masiku ano ndimaona ana avala mikanjo ndi zisoti, makolo atakongola ndalama za keke ndi galimoto yobwereka, pamene mayeso sadalembedwe n'komwe. Sindikunyoza, mwana wanga yemwe ndidamubwerekera mkanjowo ndipo ndidaombera m'manja. Koma kunena zoona, pa mwambo umenewo mwana amatsazikana ndi wojambula zithunzi, osati ndi anzake. Ife mkanjo sitinkaudziwa. Chimene tidali nacho chidali nyali.

Nyaliyo idali imodzi pasukulu yonse, nyali ya galasi ija ya chogwirira cha waya. Adaigula a Fomu 4 yoyamba posonkherana, ndipo lamulo lidali lakuti owerengera nyali imeneyi usiku ndi a Fomu 4 okha. Ena onse ankawerengera koloboyi, n'kumadzuka m'mawa m'mphuno muli bii. Tili Fomu 3 tinkaima pawindo kuisirira. Tsiku lotsazikana, mtsogoleri wa Fomu 4 ankayatsa nyaliyo pamaso pa anthu onse, n'kuipereka ili chiyakire m'manja mwa mtsogoleri wa Fomu 3. Ikazima popatsirana, ankati kalasi yolandirayo idzalephera mayeso. Ndipo chidali chamanyazi kuipereka yopanda palafini. Umayenera kusiya odzaza, kuti anzako ayambirepo. Chakudya cha tsikulo ankakonza ndi a Fomu 3, ndipo ndiwo zake mwa mwambo zidali atambala, chifukwa mbuzi sitikadaikwanitsa.

Mwayamba kuseka amene mukukumbuka. Ana athu, mundimvetse. Mwambo wathu udaikidwa Loweruka pa 12 Juni 1993. Lolemba lake, pa 14 Juni, dziko lonse linkapita ku riferendamu kukasankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Chizindikiro cha zipani zambiri chidali nyali. Chizindikiro cha chipani chimodzi chidali tambala wakuda. Ndipo a Fomu 3, mosaganiza kanthu, adapita kumsika Lachinayi nagula atambala anayi, wamkulu mwa onse ali wakuda bii ngati khala.

Ahedi athu, mzimu wawo uuse mumtendere, adali munthu wofatsa, koma tsiku limenelo ndidawaona akutuluka thukuta m'mwezi wa Juni, kuno kozizira kuno. Adatiitana atsogoleri mu ofesi, natseka chitseko, nati chapansipansi: "Ana inu, mwaitana a mfumu. Mwaitana a tcheyamani a chipani a dera lino. Ndiye mukufuna muzinge tambala wakuda m'mawa, madzulo n'kukweza nyali m'mwamba pamaso pawo? Kodi mukufuna ine ndikagone kuti?" Ife tidafuna kuseka, koma sichidali choseketsa kwenikweni. Ngakhale kalata ya maepiskopi idali itawerengedwa m'matchalitchi chaka chapitacho, pa 8 Malichi 1992, ndipo anthu adali atayamba kulankhula, mantha adali asanathe. Apayoniya adali akadalipo. Munthu wolembedwa ntchito ndi boma, wa ana asanu ndi mmodzi, adali ndi chifukwa choopera.

Za tambala zidatha mosavuta. Mayi wina wa m'mudzimu amene ankatibwereka gowelo adamutenga usiku, natipatsa misoti iwiri. Adapindula ndi iwo, pakuti tambalayo adali wonenepa zedi. Koma pa nyali ahedi adakanitsitsa: chaka chino mwambowo kulibe. A Fomu 3 adakhumudwa kwabasi, ife chimodzimodzi. Zaka zitatu taisirira pawindo, chaka chimodzi taisamala galasi lake osasweka, ndiye tingoisiya mu ofesi ngati katundu wotayika?

Apa ndipo adalowererapo aphunzitsi athu a Chichewa, awa akhala apawa akuyang'ana pansiwa. Iwo sadatsutsane ndi ahedi. Adangopempha kuti pa ndondomeko ya tsikulo awapatse mpata wolangiza ana. Mwambo udayamba 2 koloko masana. Pemphero, nyimbo za kwaya, mawu a mfumu, mawu a tcheyamani. Itakwana 4 koloko adaimirira aphunzitsiwa. Abale anga, sindidamvepo malangizo aatali chotero. Adayamba ndi ulemu kwa makolo, nalowa m'miyambi, mwambi uliwonse ndi nthano yake, nabwerera ku mbiri ya Angoni kuchokera pamene adawoloka Zambezi mu 1835, natifotokozera kusiyana kwa ndagi ndi chitsanzo. Anthu adayamba kusinza. Dzuwa la Juni silichedwa kulowa. M'chipindamo mudayamba mdima, iwo ali pakati pa kuwerenga malangizo ena papepala, akuliyandikiza kumaso, akulakwitsa dala. Mpaka a tcheyamani eni akewo, atatopa, adakweza mawu nati: "Kodi pasukulu pano mulibe nyali?"

Mtsogoleri wathu adathamanga ngati gwape. Adabwera nayo, naiyatsa pamaso pa onse, naikweza m'mwamba kuti aphunzitsi aone bwino papepala. Patapita kanthawi adatembenukira kwa mtsogoleri wa Fomu 3 nati, "Mkono watopa, tagwirako iwe." Uja adalandira ndi manja awiri. Siidazime. Aphunzitsi adamaliza malangizo awo nthawi yomweyo, pakati pa chiganizo. Ahedi adayang'ana kudenga. A tcheyamani, kaya adazindikira kaya sadazindikire, adadya nkhuku yawo bwinobwino, ndipo potsazika adatifunira mafuno abwino pa mayeso. Aphunzitsi, zaka zoposa 30 zapita, sitidakuthokozeni. Ndikupempha tonse tiwaombere m'manja.

Alendo atapita, usiku udatsala wathu. Mwini chigayo adatibwereka batire ya galimoto ndi wayilesi ya kaseti. Matepi adalipo atatu: Lucky Dube, Kanda Bongo Man ndi Alleluya Band ya ku Balaka. Pobweza tepi tinkazunguza ndi bolopeni kuti batire isathe. Fanta mmodzi tinkagawana awiri, thobwa ndiye lidali lambiri. Koma tisanavine padali mwambo umene ine ndimauona kuti udali woposa yonse, umene tinkautcha kubweza mbale. Aliyense wa Fomu 4 ankaimirira payekha n'kuulula ngongole zake. Wina adabweza supuni imene adabwereka tili Fomu 1. Wina adavomera kuti ndiye ankapungula ufa wa anzake m'gowelo chaka cha njala chija, ndipo mwini ufayo adayankha kuti ankadziwa, ankangouika poyera dala. Apo anyamata a ndevu adalira. Ukatha kuulula unkagawa chuma chako kwa a m'munsi, ukutchula dzina: poto kwa uje, mphasa kwa uje, maseti a Jogalafe kwa uje. Ine poto amene ndidaphikira zaka zinayi ndidachita kulandira motero, ndipo ndidamusiya motero.

Kenaka lidafika buku. Kalasi iliyonse inkagula buku lake lachikuto cholimba polowa Fomu 1, ndipo mlembi ankalembamo mayina onse tsiku loyamba. Usiku wotsazikana mlembi ankaitana mayina onsewo mmodzimmodzi. Amene alipo ankabwera kudzasaina ndi kulemba keyala yake ndi mawu ochepa. Amene adachoka kaamba ka fizi, kusamuka kapena JCE, dzina lake likatchulidwa kalasi yonse inkayankha kuti, "Adapita bwino." Makeyala ake mukawaona muli m'bukumu mudzaseka: pafupifupi tonse tidalemba bokosi la sukulu ya pulaimale kapena la tchalitchi cha kwathu. Mnzathu wa ku Angonia uja adangolemba dzina la mudzi ndi la phiri loyandikana nawo, nati, "Mukadzafika mudzafunse." Adabwerera kwawo mu 1994. Palibe adapitako kukafunsa.

Koma padali mayina ena amene sankaitanidwa. Munthu akachotsedwa sukulu chifukwa cha mlandu, mlembi ankadula dzina lake ndi bolopeni yofiira, ndipo usiku umenewo ankangolidumpha, ngati munthuyo sadakhaleko. M'buku ili muli mizere yofiira inayi. Umodzi ndi wa mnyamata amene adaba mbuzi m'mudzimu. Itatu ndi ya atsikana amene adapezeka ndi pathupi. Mizere inayi yonseyi ndidalemba ndine, ndi lula, kuti iwongoke bwino.

Wotsiriza mwa atatuwo adachoka mu Malichi 1993, patangotsala miyezi itatu kuti tilembe mayeso. Dzina lake sinditchula; a kalasi yathu mukumudziwa, ndipo iye mwini wandilola kuti ndinene nkhaniyi. Mtsikana ameneyu ndiye adali katswiri wa Masamu pa tonse 23. Aphunzitsi akakanika funso la m'seti ankamupatsa choko. Ine Masamu a JCE ndidakhoza chifukwa cha iye, poti ankakhala nane pansi pa mtengo wa belu uja kundibwereza mpaka ndimve. Lamulo la nthawi imeneyo lidali lodziwika: mtsikana akatenga pathupi, sukulu yathera pomwepo. Ahedi sakadachitira mwina. Koma za buku sadandilamule munthu aliyense. Ahedi sankalidziwa n'komwe za m'kati mwake. Lidali buku lathu, la ana okhaokha. M'mawa wa pa 12 Juni ndidakhala m'gowelo, ndidatsegula, ndidaika lula, ndidadula. Ndidati ndi mwambo.

Chimene ambiri simukudziwa ndi ichi. Teremu yoyamba, pamene tinkalonjeza zothandizira a Fomu 3 pa chakudya cha tsikulo, iye adalonjeza dengu la kachewere wa m'dimba la amayi ake. Madzulo amenewo, aphunzitsi ali pakati pa Angoni ndi Zambezi, mwana wa Fomu 1 adandikodola kuti kunja kuli mlendo. Nditatuluka ndidamupeza ataima kuseri kwa chipinda, atafunda chitenje, dengu lili pansi. Adayenda nalo pamutu makilomita asanu ndi awiri, ali ndi pakati pooneka. Adati, "Ndabweretsa zimene ndidalonjeza." Ine ndidati zikomo. Ndidanyamula dengu lija kupita nalo kwa ophika. Sindidamuuze kuti alowe. Sindidamufunse ngati wadya. Ndidaopa kuti anzanga anena chiyani, a mfumu aona bwanji. Pamene nyali inkayatsidwa ndidaona mutu wake pawindo, pomwe paja tinkaimirira tili Fomu 3. Nditayang'ananso padalibe munthu.

Kachewereyo tidakazinga ndipo tidadya tonse. Adadya nawo ndi mnyamata amene adamupatsa pathupiyo, pakuti adali mmodzi wa ife, ndipo tonse tinkadziwa. Pobweza mbale iye adaulula za sopo amene adabwereka. Dzina lake ndidaliitana, adasaina, siginecha yake ili pa tsamba lachitatu. Adamwalira, ndiye sindinena zambiri. Ndipo sindidaimirire pano kuti ndiweruze iye. Amene adagwira lula ndine. Kumapeto kwa chaka chomwecho cha 1993 boma lidasintha lamulo, nilola kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu patatha chaka, ndipo mnyamata wopereka pathupiyo, ngati ali pasukulu, nayenso ayambe waima. Mnzathuyu lidamuphonya ndi miyezi yowerengeka, ndipo palibe mmodzi wa ife adapita kukamuuza kuti khomo latseguka.

Za mayeso ndidutsa mwachangu. Tidakalembera ku sekondale ina, titasenza ufa ndi nkhuni, tikugona m'chipinda cha pulaimale. Ena a ife zipangizo za sayansi tidaziona koyamba kumeneko. Mwa anthu 22, tidakhoza MSCE anayi. Ku yunivesite sikudapite aliyense. Koma musatiyese olephera: mwa ife mudatuluka aphunzitsi a pulaimale, pamene sukulu yaulere idayamba mu 1994 ndipo boma lidafuna aphunzitsi ochuluka, mudatuluka msilikali, alangizi a zaumoyo, oyendetsa malole, alimi a fodya ndi kachewere, ndi mbusa mmodzi. Chithunzi chathu adajambula ndi bambo wina woyenda pa njinga, ndipo chitabwera patatha milungu itatu, a mzere wakumbuyo tonse tidalibe mitu. Ndili nacho, mudzandizindikira ndi lamba.

Patsamba lomaliza la bukuli tidalemba pangano lakuti tidzakumana pasukulu pano patatha zaka khumi, mu Juni 2003, ndipo mlembi ndiye adzaitane anthu. Sindidaitane. Ndinganene kuti ndidasowa ndalama za masitampa, koma chifukwa chenicheni n'chakuti pofika 2003 ndidali nditayamba kale kulemba timitanda m'mbali mwa mayina. Zaka zimenezo matenda a Edzi adatipulula, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Tinkakumana ndithu, koma kumanda, ndipo pamaliro tinkati adadwala nthawi yaitali. Lero mwa 22 aja timitanda tili pa mayina 9. Mtsogoleri wathu amene adakweza nyali uja ali m'gulu limenelo. Pano ndikuona tabwera asanu ndi mmodzi.

Chaka chatha ndidatsika basi pa Lizulu kuti ndigule ndiwo zamasamba. Ndikutsutsana mtengo ndi mnyamata wina, ndidamva mawu kumbuyo kwanga: "A mlembi, simudasiyebe kuwerengera?" Nditacheuka, ndi iye. Adali ataima pambali pa lole imene ankapakiramo matumba a kachewere opita ku Blantyre, ali ndi kope m'manja, anyamata anayi akumumvera. Katunduyo adali wake. Sukulu sadabwererenso, koma Masamu aja sadapite pachabe. Adandiwerengera pamtima phindu la ulendo umodzi ine ndisanatulutse foni m'thumba. Mwana uja adabadwa mu Ogasiti 1993 ndi mayi wa ana awiri tsopano. Musamumvere chisoni mnzathuyu, ambiri a ife amene tidasaina m'bukumu angatilembe ganyu.

Tidakhala pa benchi, adandigulira tiyi. Tidacheza za amoyo ndi za omwalira. Ndiye adandifunsa, mosakwiya, ngati munthu wofunsa za mvula: "Achimwene, kodi usiku uja dzina langa mudaliitana?" Adandiuza kuti sadachoke pamene ndidaganiza kuti wachoka. Adakhala pansi kuseri kwa khoma mpaka pa nthawi ya buku, kudikira kuti amve kalasi ikuyankha kuti adapita bwino. Adamva dzina la amene ankamutsogolera pa mndandanda, kenaka la amene ankamutsatira. Atamva zimenezo ndipo adanyamuka, usiku, yekha, makilomita asanu ndi awiri aja.

Ndidalibe choyankha. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo tiyi uja adandikanika kumeza. Ndidapepesa. Iye adati zidapita. Ndidamuuza kuti ndikafika kunyumba ndikalembanso dzina lake bwinobwino. Adakana. Adati, "Mudadula nokha, koma mudadula m'dzina la kalasi. Ngati mukufuna kukonza, mukonze pamaso pa anthu. Ndipo musandilembere. Dzanja ndili nalo, ndidzasaina ndekha."

Ndidamuitana kuti abwere lero. Adandifunsa ngati ali membala wa bungwe lino. Nditakafufuza m'malamulo athu, ndidapeza kuti gawo lonena za umembala likuti membala ndi munthu amene adamaliza Fomu 4 pasukulu pano. Malamulowo tidavomereza tonse, inenso ndidakweza nawo mkono, osaona kuti tikubwereza mzere wofiira womwe uja. Mwa anthu 58 amene tidayamba nawo, gawo limeneli likutsekera kunja anthu 36. Likutsekera amene adasowa fizi chaka cha chilala, amene adaumba nawo njerwa za midadada iwiri yakaleyo, amene adatiphikira pamene tinkadwala malungo m'gowelo. Ndipo sindikukhulupirira kuti ndi kalasi yathu yokha. Alembi a zaka zina muli pano. Mukafika kunyumba mukatsegule mabuku anu, mukawerenge mizere yofiira, mukaonenso kuti ingati ili pa mayina a atsikana.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti tikatsegula khomo chotere ndiye kuti tikulimbikitsa makhalidwe oipa pakati pa ana. Ndalingalirapo, ndipo sindikugwirizana nazo. Ana athu akhala kumbuyowa sadzatenga pathupi chifukwa choti mayi wa zaka zoposa 50 waloledwa kupereka chopereka cha bungwe. Enanso anena za mnyamata wa mbuzi uja. Iyeyo adalipira mbuziyo kwa a mfumu chaka chomwecho, ndipo lero ndi mkulu wa mpingo kwawo. Ngati a mfumu adautseka mlanduwo mu 1991, ife ndife yani kuti tiusungebe?

Tsono a pampando, pempho langa lili pawiri. Loyamba, ndikupempha kuti msonkhano uno usinthe gawo la umembala, kuti membala akhale aliyense amene dzina lake lidalembedwapo m'kaundula wa sukulu ino, kaya adakhala teremu imodzi kaya zaka zinayi. Ngati malamulo akufuna kuti pempho lotere liyambe lakhala kwa komiti, ndalilemba kale, pepala lake ndi ili. Lachiwiri ndi la kalasi yanga. Anzanga asanu amene mwabwera, ndikupemphani kuti tikatha kudya tisabalalike. Tikakhale m'chipinda chakale chija, ndiitane mayina onse 58, osadumpha ngakhale limodzi. Ana a Fomu 4 amene mungafune kudzaonerera, bwerani. Ndafunsa za nyali ija, akuti idasweka kalekale magetsi asanafike, ndiye ndagula ina pa golosale, pamodzi ndi palafini wake, ndipo ndidzaisiya m'manja mwanu yodzaza.

Mnzathu uja ali pamsika, lero ndi tsiku lopakira. Wati akamva kuti pempho loyambalo ladutsa, akwera kabaza, ndipo mphindi 40 zikwana kuti afike. Nambala yake ndili nayo. A pampando, ndabweza mpando kwa inu.